Woyambitsa Salmo Adziwe Popumira

Mwezi uno ndifuna tikambirane za ntchito imene sitiilemba kawirikawiri pa mndandanda wa maudindo a mpingo, chonsecho imagwiridwa Lamulungu lililonse. Ndikunena ntchito ya munthu amene amaimirira kutsogolo ndi kuyambitsa salmo kuti mpingo uvomere. Posankha munthu ameneyu timayang'ana chinthu chimodzi chokha, ndicho liwu. Likakhala lalikulu, lomveka mpaka kwa amene achedwa ndipo akhala panja pansi pa mtengo wa mango, timati tapeza munthu. Liwu ndi mphatso ndithu, ndipo sindikulinyoza. Koma choyamba chimene woyambitsa salmo ayenera kudziwa ndi popumira.

M'mipingo yathu yambiri ya kumidzi, ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi kwina, si onse ali ndi Baibulo m'manja. Ena alibe, ena ali nalo koma maso anafooka, ena sanapite kusukulu, ndipo achinyamata ambiri anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi kotero kuti Chichewa cholembedwa amachiwerenga mokayika. Kwa anthu onsewa, salmo ndi chimene chatuluka m'kamwa mwa woyambitsa. Iye akadula chiganizo pakati, iwo amalandira chiganizo chodukacho napita nacho kwao. Akameza mau, mauwo atayika. Mlaliki akapotoza Malembo, akulu a mpingo amamuitanira pambali tsiku lomwelo. Woyambitsa nyimbo angathe kupotoza tanthauzo la Malembo chaka chathunthu popanda womufunsa, chifukwa tonse timatuluka tikunena kuti chuni chinali bwino.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri. Nyimbo za m'buku la nyimbo zili ndi mizere yoyezedwa. Mzere uliwonse uli ndi chiwerengero chake cha maphatikizo, ndipo mau anasemedwa kuti alowe m'chuni monga khasu lilowa mumpini. Masalmo a m'Baibulo sali choncho. Ndime ina ndi yaifupi, yotsatira ndi yaitali kawiri. Kuti aimbidwe monga analembedwera, osachotsa kapena kuonjezera kanthu, Akhristu akale anali ndi njira imene m'kalata ino ndiitchula kuti kuimba molakatula. Woimba amagwira mlingo umodzi wa liwu, losakwera losatsika, nanena mau ambiri a ndimeyo pa mlingo umenewo, pa liwiro la munthu wolankhula mwaulemu. Akafika pakati pa ndime amakhotetsa liwu pang'ono napuma. Kenaka amabwerera pa mlingo womwe uja, ndipo pa mapeto amatsitsa liwu kuti aliyense amve kuti ndime yatha. Chuni chotere mwana angachigwire msanga. Chovuta ndi kugawa mau, popeza palibe ng'oma kapena kuomba m'manja kokuuzani kuti apa fulumirani, apa imani. Chokuuzani ndi tanthauzo lokha.

Tanthauzo la salmo lili ndi mamangidwe ake, ndipo woyambitsa ayenera kuwaona. Ndime zambiri za Masalmo zili ndi matheka awiri oyankhana. Theka loyamba limanena kanthu, lachiwiri limabwereza kanthu komweko m'mau ena, kapena kukasiyanitsa ndi kena, kapena kukapititsa patsogolo. Ndime yoyamba ya Salmo 19 imanena za thambo kawiri, m'mau osiyana. Ndime yomaliza ya Salmo 1 imaika njira ya olungama mbali ino ndi njira ya oipa mbali inayo. Ndime zoyamba za Salmo 29 zimakwera ngati makwerero, mzere uliwonse ukutenga mau a mnzake ndi kuonjezerapo. Mphunzitsi wina wa ku Oxford, Robert Lowth, anafotokoza mamangidwe amenewa m'buku lake la 1753, ndipo m'masukulu a Baibulo amaphunzitsidwa mpaka lero. Koma mayi aliyense amene anaimbapo pa mtondo amawadziwa kale ndi thupi lake: munsi wina ukatsika, wina ukwera. Ndime ya salmo ili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, ndipo woimba amene athamangitsa matheka onse awiri pa mpweya umodzi ali ngati amene agundanitsa minsi.

Ayuda eni ake anasamala kwambiri za popumira. Alembi a ku Tiberias, amene anasunga Malembo a Chihebri m'zaka za pakati pa 700 ndi 1000, anaika tizizindikiro pamwamba ndi pansi pa mau, tosonyeza pokweza liwu, polumikiza mau ndi polekanitsa. Pafupifupi liwu lililonse lili ndi kachizindikiro kake. Mabuku atatu, Masalmo, Miyambo ndi gawo lalikulu la Yobu, anawapatsa dongosolo la zizindikiro losiyana ndi la mabuku ena onse, chifukwa anadziwa kuti ndakatulo ili ndi mayendedwe akeake. Anthu amenewa anathera moyo wao pa funso lakuti woimba apume pati. M'mabaibulo athu a Chichewa chotsala cha ntchito yoteroyo ndi mizere ya ndime ndi zizindikiro za m'kalembedwe, makamaka mpatuliro, kachizindikiro kaja kamene kusukulu za Chipwitikizi amati vírgula, ndi mpumiro wa pa mapeto a chiganizo. Tisatione ngati tokongoletsa tsamba.

Taonani chitsanzo cha chiganizo chimene ndangopeka ndekha: "Usaope, Mulungu akuona." Mukapuma pambuyo pa liwu loyamba, mwatonthoza munthu wozunzika. Mukalumikiza mau awiri oyamba ndi kupuma pambuyo pake, mwanena kuti "Usaope Mulungu," ndipo mwaphunzitsa chinthu chotsutsana ndi Malembo onse. Palibe chilembo chimene chasintha; chasuntha ndi mpweya wokha. M'Chichewa liwu loti kupuma limatanthauza kukoka mpweya ndiponso kuleka kaye ntchito, ndipo woimba salmo ayenera kuchita zonse ziwiri pa malo amodzi. Apume pamene ganizo lapuma. Vuto limabwera pamene wayamba ndime yaitali ndi mpweya wochepa, nuthera pakati pa dzina ndi mfotokozi wake, kapena pakati pa "pakuti" ndi chifukwa chimene "pakuti" ameneyo anabwera kudzanena. Pamenepo mapapo ndiwo alamula Malembo.

Palinso china chozama kuposa mpatuliro, ndicho kudziwa amene akulankhula. Masalmo ambiri ali ndi olankhula angapo, ndipo wolemba sakuchenjezani pamene wina aleka ndi wina ayamba. Salmo 2 lili ndi ndime 12 zogawika m'magawo anayi a ndime zitatuzitatu. M'gawo loyamba timamva mafumu opanduka akupangana, m'lachiwiri Mulungu akuwayankha, m'lachitatu Wodzozedwa akunena chimene anauzidwa, ndipo m'lachinayi wolemba akulangiza mafumu aja. Mukaimba ndime zonse 12 ndi liwu limodzimodzi ndi kupuma kofanana, womvera sadzadziwa ngati mau oti tidule zomangira akunenedwa ndi oyera mtima kapena ndi adani a Mulungu. Salmo 14 ndiye loopsa kwambiri. Limayamba ndi kutiuza zimene chitsiru chimanena mumtima mwake, ndipo zimenezo ndi mau okana Mulungu. Ngati woyambitsa apatsira mpingo mzere ndi mzere, nalekanitsa mau a chitsiru ndi mau onena kuti ndi chitsiru chikulankhula, ndiye kuti mpingo wonse waimirira m'nyumba ya Mulungu ndi kuimba mokweza chikhulupiriro cha chitsiru ngati chaochao. Ndime yoteroyo iyenera kupita yonse pa mpweya umodzi, ndipo mau a chitsiruwo anenedwe motsitsa, osawatalikitsa.

Komanso salmo limatembenuka mkati mwake. Salmo 13 lili ndi ndime zisanu ndi imodzi zokha: ziwiri zoyamba ndi madandaulo, ndipo m'menemo funso limodzi lokhudza kutalika kwa nthawi labwerezedwa kanayi, ziwiri zapakati ndi pempho, ziwiri zomaliza ndi chikhulupiriro. Funso liimbidwe ngati funso, ndipo lachinayi likhale lolemera kuposa loyamba, monga amachitira munthu amene wagogoda pakhomo kanayi. Pakati pa ndime 4 ndi ndime 5 pakhale chete wotalikirapo, chifukwa m'chete ameneyo ndi mmene mtima wa wopempherayo wasinthira. Salmo 73 limatembenuka pa ndime 17, pamene wolemba alowa m'malo opatulika. Salmo 88 silitembenuka konse. Limayamba mumdima ndi kuthera mumdima, ndipo woyambitsa alibe ufulu wolikongoletsa pa mapeto ndi chuni cha chikondwerero poopa kuti anthu achoka ali ndi chisoni. Alipo pakati pathu amene anaika mwana m'manda sabata yatha, ndipo salmo limenelo linalembedwera iwo monga momwe liliri.

Liwu loti Sela, limene limapezeka ka 71 m'buku la Masalmo, musaliimbe ngati gawo la chiganizo. Amene anamasulira Chipangano Chakale m'Chigriki Yesu asanabadwe analitenga ngati chizindikiro cha kaduka m'kuimba. Mukalipeza, khalani chete pang'ono, kenaka pitirizani.

Tsopano za chilankhulo chathu. Nenani liwu loti "chifundo" pa mapeto a chiganizo, mudzamva kuti phatikizo limene latalika ndi "fu". Nenani "Mulungu", latalika ndi "lu". Umu ndi mmene Chichewa chimayendera: tikafika popumira, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo lomaliza limagwa mopepuka. Machuni ambiri a ku Ulaya amene tinalandira amathera pa phatikizo lomaliza molemera, ndipo nchifukwa chake m'buku la nyimbo mumapeza mau odulidwa, monga M'lungu ndi 'Mbuye, kuti akwane. Tinazolowera, ndipo nyimbozo timazikonda. Koma poimba molakatula palibe chotikakamiza kutero. Mukafika pakati pa ndime kapena pa mapeto, ikani kukhota kwa liwu pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, lomaliza lingotsatira. Mukachita mosemphana, mudzamveka ngati mlendo amene akuphunzira kumene Chichewa, ngakhale munabadwira ku Domue.

Ndiyenera kuvomereza kuti njira imeneyi ili ndi vuto lake m'chilankhulo chonga chathu. Ife timasiyanitsa mau ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limawasiyanitsa. Chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Mukaimba mau onse pa mlingo umodzi wouma ngati waya, kusiyana kumeneku kumafafanizika. Nchifukwa chake ine sindilangiza kuti titengere maimbidwe a Chilatini monga momwe alili. Mlingo umodzi uja ukhale ngati njira ya kumunda, imene imalunjika kumodzi koma imalola phazi kupatuka pang'ono. Lolani liwu likwere ndi kutsika pang'ono monga limachitira polankhula, malinga libwerere pa njira.

Pa za kuwerenga, achinyamata athu afunika thandizo. Buku Lopatulika linasindikizidwa koyamba mu 1922, ndipo makope akale amene akali m'nyumba zambiri amalemba "c" pamene lero timalemba "ch". Mnyamata wophunzira m'Chipwitikizi akaona "cifundo" lilime lake limafuna kunena "sifundo", ndipo akaona "cakudya" limafuna kunena "kakudya". Akaona "ch" nayenso amamutchula monga Apwitikizi. Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, lili ndi kalembedwe katsopano ndipo ziganizo zake ndi zapafupi ndi malankhulidwe a lero. Sindikuuzani kuti mugwiritse ili kapena ilo; mpingo uliwonse uli ndi limene unazolowera. Koma woyambitsa ndi ovomera akhale ndi Baibulo lofanana, ndipo wachinyamata asaimirire kutsogolo asanawerengere salmolo munthu wamkulu mokweza.

Ena adzati zonsezi nzachilendo, kapena adzati nza Akatolika. Zoona, abale athu a Chikatolika amaimba salmo mopolokezana pa mapemphero ao, koma ntchitoyi ndi yakale kuposa magawano athu onse. Pa 1 Mbiri 25 timawerenga kuti Davide anapatula ana a Asafu, a Hemani ndi a Yedutuni, oimba ophunzitsidwa 288, m'magulu 24 a anthu 12. Pa 1 Mbiri 15:22 Kenaniya anaikidwa kukhala woyang'anira maimbidwe chifukwa anali waluso. Sanasankhidwe chifukwa chakuti panalibe wina wofuna. Masalmo 55 ali ndi mutu wowapereka kwa mkulu wa oimba, kutanthauza kuti wolemba ankayembekezera kuti pali munthu amene adzalandira ndakatuloyo ndi kuikonza kuti anthu aiimbe. Pa Paskha Ayuda ankaimba Masalmo 113 mpaka 118, ndipo Mateyu 26:30 akutiuza kuti Ambuye ndi ophunzira ake anaimba asanapite ku phiri la Azitona. Paulo, polembera Aefeso ndi Akolose za kuimba, anatchula masalmo poyamba.

Mpingo wakale wa kumpoto kwa Africa unatisiyira muyeso wabwino pa nkhaniyi. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, anavutika mumtima poona kuti nthawi zina kukoma kwa maimbidwe kunkamugwira kuposa mau oimbidwawo. Pofotokoza zimenezi anakumbukira zimene anamva za Athanasius wa ku Alexandria, kuti ankauza woimba salmo kukhotetsa liwu pang'ono kwambiri, kotero kuti kunali kufupi ndi kulankhula kuposa kuimba. Augustine sanathetse kuimba, anavomereza kuti kumathandiza mtima wofooka. Koma mantha ake ndi oyenera kuti woyambitsa aliyense akhale nawo. Liwu lokoma lopanda tanthauzo ndi chikomekome cha mkuyu. Patapita zaka ngati zana, Benedict ku Italy analamula kuti amonke ake azimaliza masalmo onse 150 sabata iliyonse. M'nyumba zoterozo munakhazikika mwambo wokhala chete pakati pa ndime iliyonse, chete wotalika mokwanira kuti munthu akoke mpweya mosafulumira.

Makolo a mipingo ya Chiprotestanti anatenga njira ina, koma cholinga chinali chomwecho. Ku Geneva, John Calvin anafuna kuti mpingo wonse uimbe masalmo m'chilankhulo chao, ndipo masalmo anakonzedwa m'mizere yoyezedwa, ntchito imene anayamba Clément Marot namaliza Théodore de Bèze mu 1562. Ankaimba onse pa liwu limodzi, popanda zoimbira, kawirikawiri phatikizo limodzi pa kaliwu kamodzi, kuti mau amveke. Popeza akuluakulu sankadziwa machuniwo, mu 1537 kunaperekedwa ganizo lakuti ana aphunzitsidwe kaye, aziimba momveka bwino, anthu akumvetsera mpaka atazolowera. Ndipo pofuna kuti muone mmene anthu amagwirira chuni chimene anachizolowera: mu 1551 mphunzitsi wa nyimbo wa mumzindawo, Louis Bourgeois, anatsekeredwa m'ndende chifukwa chosintha machuni ena popanda chilolezo, ndipo anatuluka tsiku lotsatira Calvin atamupepesera. Oyambitsa athu amene amadzudzulidwa ndi agogo pambuyo pa mapemphero adziwe kuti zao nzochepa.

Koma amene afanana nafe kwambiri ndi a ku Scotland, dziko limene linatumiza amishonale ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Malangizo a chipembedzo a ku Westminster, amene analandiridwa mu 1645, anati popeza ambiri mumpingo sadziwa kuwerenga, mbusa kapena munthu wina woyenera aziwerenga salmo mzere ndi mzere anthu asanauimbe. Ku Scotland ntchitoyi inakhala udindo wa munthu wake, wokhala pansi pa gome la mlaliki, ndipo pa chilumba cha Lewis mipingo ina yopemphera m'chilankhulo cha Gaelic ikuchitabe chomwecho: mmodzi amapereka mzere mouimba, mpingo nkuulandira pang'onopang'ono. Kodi si zomwezo timachita ife kumene buku lili limodzi ndipo anthu ali zana? Vuto lake analiona kalekale. Isaac Watts, polemba nyimbo zake mu 1707, anafotokoza kuti anayesetsa kuti ganizo lizithera pa mapeto a mzere, chifukwa kupatsira mzere ndi mzere kumadula tanthauzo. Masalmo a m'Baibulo sanakonzedwe motero, choncho ntchito yoteteza ganizo yatsalira wopatsira mizereyo. Iye asapereke mzere monga wathera pa tsamba losindikizidwa, apereke ganizo lathunthu limene munthu angalibwereze osanama.

Njira imene ndiona kuti ingatiyenere kwambiri ndi ya kupolokezana, kumene akale ankati kuthirirana mang'ombe. Woyambitsa aimba ndime molakatula, mpingo uvomera ndi mzere umodzi wosasintha. Masalmo ena anabadwa otero. Salmo 136 lili ndi ndime 26, ndipo theka lachiwiri la ndime iliyonse ndi lomwelomwelo. Salmo 107 limabwereza mau amodzi pa ndime 8, 15, 21 ndi 31. Masalmo 42 ndi 43 ali ndi mau obwerezedwa katatu. Ife sitifunika kuphunzitsidwa kuvomera. Wofotokoza nthano madzulo amadziwa poimira kuti ana anene kuti "Tili tonse," ndipo akapanda kusiya mpata anawo amangokhala duu. Woyambitsa salmo achite chimodzimodzi: amalize ndime yake motsitsa, mofanana nthawi zonse, kuti mpingo udziwe popanda kukodoledwa kuti nthawi yao yakwana. Ngati anthu akulowa mokayika, ena patsogolo ena pambuyo, kawirikawiri cholakwa sichili kwa iwo. Ndipo pa ntchito imeneyi tisaiwale amayi, amene amayambitsa nyimbo pamaliro usiku wonse osasokoneza. Pa Eksodo 15 Miriamu ndiye anatsogolera kuvomera.

Amene tinaona nkhondo imene inatha mu 1992 tikudziwa chimene chimatsala munthu akathawa usiku, kuwoloka malire kupita ku Dedza kapena ku Ntcheu, Baibulo litatsala m'nyumba. Chimatsala ndi chimene anaimbapo mobwerezabwereza. Ulaliki wa chaka chatha ochepa angaubwereze, koma nyimbo imene anaphunzira ali ana imatuluka yonse. Ngati kuimba ndiko nkhokwe imene mpingo umasungiramo mau, nkoyenera kufunsa chimene tikuikamo. Makwaya athu ali ndi nyimbo zambiri zopeka okha, zina zabwino kwambiri, ndipo pa Lamulungu limodzi angaimbe makwaya anayi kapena asanu pamene mpingo ukungoonerera. Sindikuti aleke. Ndikungofunsa ngati pakati pa zonsezo sipangapezeke mphindi zisanu zoti mpingo wonse uike m'kamwa mwake mau a salmo monga alili.

Kwa inu amene mumayambitsa, pali zazing'ono zimene zimaononga ntchito yabwino. Musayambe pamwamba poti liwu lanu limakomera pamenepo. Yambani pamene agogo aamuna ndi mtsikana wa m'kalasi angafike onse. Ngati pali chokuzira mau, chitalikitseni ndi pakamwa pamene mpingo ukuvomera, chifukwa anthu akamva kuti liwu lanu likuwaphimba amaleka kuimba nayamba kumvera. Woimba kiyibodi azimitse ng'oma za m'makinamo, popeza ng'omazo zimayenda pa liwiro losasintha ndipo zidzakukokerani kudula mau kuti mufanane nazo. Angokupatsani liwu loyambira ndi kugwira pansipansi. Pa liwiro, kuthamanga sikufika, komanso kukoka kwambiri kumapha chiganizo, chifukwa pofika pa mapeto womvera waiwala mmene chinayambira. Muyeso wake ndi uwu: imbani pa liwiro limene mungalankhulire kwa mfumu pa bwalo. Ndipo tchulani makonsonanti, makamaka a mpweya monga "ph", "th" ndi "kh". Kupa ndi kupha si chimodzi, kutula katundu ndi kuthula kanthu pamwamba si chimodzinso.

Zonsezi sizitheka ngati woyambitsa auzidwa nambala ya salmo pa khomo la tchalitchi belu litalira kale. Apa ndikulankhula ndi abusa anzanga, alaliki ndi akulu a mpingo amene mumatsogolera mapemphero. Inu mumakonzekera ulaliki masiku angapo. Muuzeni mnzanuyo salmo pofika Lachinayi. Iye aliwerenge mokweza kunyumba katatu kapena kanayi asanayese kuliimba, afunse kuti akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, ndipo mtima watembenukira pati. Atenge pensulo alembe kamzere kamodzi popuma pang'ono ndi timizere tiwiri popuma kwambiri. Akapeza liwu lakale limene salimvetsa, ndipo m'Buku Lopatulika alipo ambiri, afunse, chifukwa munthu sangagawe bwino chiganizo chimene sakuchimva. Loweruka madzulo, mlaliki ndi woyambitsa akhale pamodzi kanthawi kochepa, Baibulo lili pakati pao.

Mpingo umene sunayesepo uyambe ndi Salmo 117, limene lili ndi ndime ziwiri zokha, ndipo uliimbe masabata anayi otsatizana mpaka ana alidziwe pamtima. Pambuyo pake utenge Salmo 136, woyambitsa theka loyamba, mpingo theka lachiwiri. M'salmo limenelo samalani ndime 17 mpaka 22, pamene pali maina a mafumu Sihoni ndi Ogi ndi nkhani ya dziko lao. Pamenepo chiganizo chimodzi chimayenda kudutsa ndime zingapo, mpingo ukulowa pakati ndi kuvomera kwake, choncho woyambitsa asatsitse liwu kotheratu ngati wamaliza, alisiye lili lopachikika pang'ono kuti anthu amve kuti nkhani ya mafumuwo ikupitirira. Salmo 119, ndi ndime zake 176, lidikire kaye. Nalonso lili ndi magawo 22 a ndime zisanu ndi zitatu, ndipo gawo limodzi pa Lamulungu ndi lokwanira.